Chinangwa cha a Goliati

A Goliati Ngozo ndi asuweni anga, ndiye ndikamawanena musaganize kuti ndikuwajeda. Chisuweni chimandilola, ndipo zambiri mwa izi ndinawauzapo pamaso. Dzinalo lisakunyengeni. Munthu wake ndi wamfupi, wowonda ngati mpini wa khasu, koma mawu okha Mulungu anawapatsa okwanira anthu atatu. Akamaitana mbuzi zawo kumtunda kwathu, kuseri kwa Biriwiri, ogulitsa kabichi kumsewu amatembenuka.

Sukulu sanapite nayo patali. Ali mnyamata anakagwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, n'kubwerako chaka cha riferendamu ndi wailesi yaing'ono komanso chiphunzitso chimodzi: kuti tsopano kuli ufulu wolankhula. Ufulu umenewu a Goliati anaulandira ngati wawo wokha. Kuyambira pamenepo panalibe msonkhano wowadutsa. Komiti ya mjigo analimo, ya sukulu analimo, kumpingo anali mkulu, ndipo pamaliro akapanda kupatsidwa mpata ankadzipatsa okha. Sindikunena kuti anali munthu woipa, ayi. Mowa sankamwa, mkazi sanamenyepo, ndipo ukadwala nthawi ya dzinja ankakulimira mizere osakuuza. Vuto linali lakuti makutu awo ankagwira ntchito pokhapokha pakamwa patatopa, ndipo pakamwapo sipankatopa.

Akazi awo, a Janeti, amene tonse timawatchula kuti Nanzunga, ndi munthu wa mawu ochepa. Anawabalira ana asanu. Anayi oyambawo sukulu inawakanika, koma womaliza, Chifuniro, anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo pa iye m'pamene a Goliati anaika mtima wawo wonse. Ankamuperekeza okha pa njinga mpaka kumsewu. Munthu ukangowapatsa moni, yankho linali malikisi a Chifuniro. Ankati mwana ameneyu adzakhala namwino, adzavala zoyera, ndipo ife osaphunzirafe tidzafola pamzere kudikira jakisoni wake. Moyo wa mwana ameneyu ndi umene ndikufuna kukuuzani momwe unatsala pang'ono kuwapulumuka m'manja, iwo ali kalikiliki kulankhula.

Kwathu kuno ndi kwa kachewere, kabichi ndi chimanga. Chinangwa sichikonda kuzizira kwathuku, ndiye palibe ankachilima. A Goliati, posafuna kufanana ndi anzawo, anakatenga mbewu ku Manjawira pa njinga, n'kudzabzala m'kachigwa kofunda m'mphepete mwa mtsinje. Tinawaseka. Chinangwa chinagwira, ndipo kuseka kunatithera. Kwa zaka zambiri munda wa chinangwa m'dera lonse lino unali umodzi wokhawo, ndipo mwini wake ankaudziwa mtengo ndi mtengo ngati ana ake.

Kenako munayamba kulowa wakuba. Koma anali wakuba wodabwitsa. Chinangwa pansi sankakumba. Chigwada, chimene amayi akanaphika ndiwo, ankachipulula n'kuchitaya pomwepo. Ankangothyola kamtengo kanthete, kowongoka, n'kupita. Sizinkachitika kawirikawiri, pena miyezi inkadutsa, pena zinkatsatizana. A Goliati zinkawaimitsa mutu.

"Asuweni, tandiuzani," ankandifunsa, "ndi mbava yanji yosiya chakudya n'kuba nkhuni zaziwisi? Ngati akufuna mbewu bwanji osapempha? Komanso kanthete kotere sikamera!"

Ine ndinkati mwina ndi ana osewera. Ena ankati ndi zamankhwala, wina akufuna kukawa zokolola zawo. A Goliati anailengeza nkhaniyi kutchalitchi kangapo. Amuna tinkaseka. Amayi sankaseka, ankangoyang'ana pansi n'kumakonza zitenje, ndipo ife mbuli tinkati ndi ulemu wa m'nyumba ya Mulungu.

Chaka chilichonse Nanzunga ankapempha kuti mundawo auzule. Chaka china ankati chinangwa chikuitana mfuko, chaka china ankati pamalopo pangachite bwino anyezi. Tsiku lina ndili pomwepo anayamba kuti, "Abambo ake Chifuniro, timitengo timene tikusowati..." A Goliati anawadula pomwepo ndi ulaliki wa momwe chinangwa chinawapulumutsira chaka cha njala, ulaliki umene unatha dzuwa litapendeka. Nanzunga anatola lichero lawo n'kulowa m'khitchini.

Ndiye kunabwera chaka cha korona. Sukulu zinatsekedwa miyezi yambirimbiri, ana ali khale pakhomo. Chifuniro, amene anali folomu 3, ankathandiza mayi ake kugulitsa kachewere kumsewu, kumene malole amaima. Chaka chomwecho pa wailesi panadzaza nkhani ya bilu yofuna kusintha lamulo la kuchotsa pakati. Wina akuti ipulumutsa amayi, wina akuti ndi kupha. Anthu ena a bungwe anabwera kudzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu kuti amve maganizo a anthu akumudzi, ndipo mudzi wonse unapita, chifukwa nthawi imeneyo kunalibe kwina kopita.

Mayi amene ankatsogolera msonkhanowo anapempha mwaulemu kuti abambo tiyambe taima patali, amayi alankhule momasuka, kenako tibwerenso. Ena tinayamba kunyamula mipando. A Goliati anadzuka, koma osati kuti achoke.

"Tichoke? Tipite kuti?" anabangula. "Mimba imabwera ndi mphepo? Mwana ali m'mimbamo alibe bambo? Akabadwa mumati abambo gulani sopo, abambo lipirani sukulu. Pofuna kumutaya ndiye abambo kaimeni uko? Ife sitichoka pano!"

Kunena zoona, ine ndinawomba m'manja. Mpaka lero sindiona kuti funsolo linali lopusa. Mayi wina wachikulire kumbuyo anayankha kuti, "Angozo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Amayi anang'ung'udza movomereza. Zikanathera pamenepo bwenzi zili bwino, aliyense atanena mbali yake. Koma a Goliati akayankhidwa ndiye amakolera ngati moto wa lupsa. Anatembenukira kumene kunakhala amayi, n'kuloza mwana wawo yemwe, amene anakhala pafupi ndi mayi ake.

"Uyo ndi wanga uyo, Chifuniro. Ndikunena ali pomwepo kuti amve. Atatenga mimba ali pasukulu, pakhomo panga asapondepo, ndilibe mwana. Ndipo atayerekeza kuchotsa, kupolisi ndikamusiya ndekha ndi manja angawa. Ine sindipsatira mawu!"

Amuna tinasekerera, wina mpaka anaimba likhweru. Chifuniro anaweramitsa mutu, ndipo ndinaganiza kuti ndi manyazi a mtsikana wotchulidwa pagulu. Msonkhano unatha wopanda mutu, chifukwa amayi sanalankhulenso kanthu. A bungwe aja anakwera galimoto yawo atangomva maganizo a a Goliati.

Masiku otsatira Chifuniro anagona ndi malungo. Anatero bambo ake, ndipo mapilitsi anakamugulira okha kugolosale. Koma chimene chinawadya mtima sabata imeneyo si malungowo. Wakuba uja anali atalowanso m'munda. Loweruka anabwera kwathu maso ali psuu.

"Asuweni a Fanizo, ndaganiza. Mbava imeneyi imadziwa kuti Lamulungu ndimakhala kutchalitchi. Mawa sindipita. Mundiperekeze tikaibisalire."

Munthu amene sanajombepo kutchalitchi ngakhale tsiku limene anathyoka mwendo! Ndinavomera chifukwa chofuna kudzaseka. Mmawa mwake anavala jekete, kunyamula Baibulo, kutsanzika akazi awo ngati akutsogola kukakonza mabenchi, n'kuzungulira njira ya kumtsinje. Tinakhala kuseri kwa nthochi, nyerere zikutiluma. Belu linalira kumtunda, nyimbo yoyamba inamveka. Dzuwa litayamba kutentha tinamva mapazi.

Anali Nanzunga. Anavala nsalu yakumunda, chikwanje chili m'manja. Sanayang'ane uku kapena uku. Anafika pa mtengo woyamba n'kuutema pansi penipeni, kenako wachiwiri, wachitatu, akutema ngati munthu wopha njoka. A Goliati anakhala kukamwa yasa, ndipo aka kanali koyamba kuwaona atatsegula pakamwa popanda mawu kutuluka. Atadzidzimuka analumpha.

"Nanzunga! Mwapenga? Ndiye mbava ija ndinu? Zaka zonsezi ndikudya ndi mbava mbale imodzi?"

Nanzunga sanaleke. Anatema wina, kenako wina. A Goliati anawagwira mkono, ndipo mayiwo anatembenuka, nkhope yonse ili misozi ndi thukuta.

"Ndisiyeni, Angozo. Lero munda uno utha. Mukafuna mundimenye, koma utha."

"Chifukwa chiyani? Wakulakwirani chiyani?"

"Inu mumadziwa zonse. Simudziwa ntchito ya timitengo timene timasowa muno?"

"Ntchito yanji?"

Nanzunga anandiyang'ana ine, mwamuna wapadera, ndipo ndinaona kuti akulimbana ndi mwambo, pakuti izi kwathu mkazi sauza mwamuna, ngakhale wake. Kenako anangoti bwanji bwanji.

"Atsikana ndi amayi akasowa kolowera, amabwera kuno. Kamtengo kameneko amachotsera pakati. Mudzi wonse wa amayi umadziwa. Tracy wa kutsidya uja, munalalikira pamaliro ake kuti wafa ndi mutu, unali mutu umene uja? Mkazi wa a Eliya, munati kuthamanga kwa magazi? Anadzera m'munda mwanu muno onsewo."

Maliro onse awiri ndinalipo. Manda a Tracy ndinakumba nawo ndi manja anga, tikucheza nkhani za mpira. Ndinayang'ana munda uja, wobiriwira bwino, umene tinkausirira tonse, ndipo ndinachita mantha ngati ndaima pamanda.

A Goliati anabwerera m'mbuyo mpaka anatsamira nthochi. "Zaka zonsezi... bwanji osandiuza?"

"Ndikanakuuzani polowera pati? Mumapuma?"

"Nanga lero chavuta n'chiyani?"

Apa mawu a Nanzunga anatsika. "Chifuniro ndi woyembekezera. Miyezi yapitapo ndithu. Mwini wake ndi mnyamata wa pa lole, anangomva n'kuzimitsa foni, akuti anawolokera ku Mozambiki. Ine ndi mwanayo tinapangana kuti ndikuuzeni bwinobwino sukulu zisanatsegulidwe, ndimafuna tsiku loti mwadzuka bwino. Ndiye inu munakaima pabwalo paja. Munatseka khomo la kunyumba, munatseka la kuchipatala, pamaso pa mudzi wonse. Mwana akanadzera kuti? Lero mmawa ndikuyalula mphasa yake ndapeza kamtengo kobisa. Walumbira kuti sanachite kanthu, ndakalanda. Ndiye ndati ndithane ndi munda asanabwerenso."

Kumtunda kunkamveka kwaya. Ndinayembekezera kubangula. Koma a Goliati anali akuyang'ana kumapeto kwa munda ngati munthu wowerengera mbuzi zake madzulo n'kupeza kuti sizikukwana.

"Mwapeza kamodzi?" anafunsa ndi mawu amene sindinawazindikire.

"Kamodzi."

"Pothyoka m'pawiri, Nanzunga. Ndinapaona mmawa wotsatira msonkhano uja, utomoni usanaume. Tiwiri." Anatembenukira akazi awo. "Malungo aja anayamba liti?"

Chikwanje chinagwa pansi. Nanzunga anakuwa kamodzi kokha, "Mayo mwana wanga!" n'kuyamba kuthamanga chokwera phiri, nsalu ikukoleka m'zitsamba. Ife tinatsatira. Mkazi ankadziwa theka, mwamuna ankadziwa theka, ndipo anagona nyumba imodzi sabata yonse mwana akuwola m'kati ali m'chipinda chachiwiri. Zimenezi zimandinyansa mpaka lero ndikaziganiza.

Chifuniro tinamupeza atagwa pakhomo la chipinda, zikuoneka kuti amafuna kukamwa madzi. Thupi linali moto, mimba yauma gwa, ndipo fungo limene linali m'chipindamo silinali la malungo. Bambo ake atamunyamula anatsegula maso pang'ono, n'kuyesa kudzibisa nkhope ndi mkono. Tinamuika pa ngolo mpaka kumsewu. Mwamwayi a Abbas, amene amagula kachewere kwathu, anali akupakira matumba m'galimoto yawo. Anatsitsa ena osafunsa zambiri, n'kutitengera kuchipatala chachikulu ku boma. Njira yonse a Goliati anagwira phazi la mwana wawo, jekete la kutchalitchi lili magazi.

Kuchipatala anamwino anayamba mafunso. Miyezi ingati? Anagwiritsa chiyani? Wakhala akutaya magazi kuyambira liti? Wadya liti komaliza? Mafunso onse ankayankha Nanzunga. A Goliati, amene ankadziwa malikisi onse a mwanayu kuyambira sitandade 1, analibe yankho ngakhale limodzi, kupatula la tsiku lija la pothyoka pawiri. Anamulowetsa mkati, ife n'kutisiya pa benchi.

Patapita nthawi kunatuluka dokotala, mnyamata ndithu, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba. Anatitengera pambali n'kufotokoza mosazungulira. Pakati paja panali patachoka kale. Kamtengo kanaboola chiberekero, mafinya afalikira m'mimba. Anati ayesetsa, koma mmene zikuonekera, kuti mwanayo akhale ndi moyo afunika kuchotsa chiberekero chonse, ndipo sadzaberekanso. Akachedwa, sakuona kuti afika mawa.

"Mwanayu ndi wamng'ono pa zaka, komanso panopa sakuzindikira," anatero dokotala. "Sitingachite popanda kholo kuvomera." Ngakhale mafunso onse anayankha ndi mayi, iye anatembenukira kwa mwamuna, monga timachitira tonse. "Bambo, tikudikira mawu anu."

Ndakhala ndi a Goliati moyo wanga wonse. Ndawaona akulanda mpata wolankhula kwa abusa, kwa alangizi a zaulimi, kwa ofuna mavoti. Tsiku limeneli mpata anachita kupatsidwa, anthu ophunzira ataima chilili kudikira, ndipo munthu anagwira njakata. Anayang'ana akazi awo.

"Nanzunga, nenani inu."

"Afunsa inu," anayankha mayiwo, osati mwaukali, koma ngati munthu amene mphamvu zamuthera. "Ine ndikuti achite. Koma nanunso nenani, mawa musadzati sindinafunsidwe."

"Mwini wake... simungamudzutse pang'ono, mumufunse mwini wake?" a Goliati anamuchonderera dokotalayo. "Thupi ndi lake. Ine ndinganene bwanji za ana ake?"

"Sangayankhe, bambo. Ndipo nthawi ikutha."

A Goliati anavula chipewa. Mawu amene anatuluka anali aang'ono moti dokotala anachita kuweramira kuti amve.

"Mupulumutseni. Chitani."

Chifuniro anapulumuka. Anakhala masiku angapo pakati pa moyo ndi imfa, kenako kutentha kunatsika, anayamba kumwa phala. Kumudzi a Goliati anatuma ana awo aamuna kukamaliza ntchito imene mayi awo anaiyamba, ndipo mitengo yonse anaitentha. Sindikunamizani kuti zimenezo zinathetsa kanthu; amayi anandiuza pambuyo pake kuti wosowa kolowera sasowa china chogwiritsa. Sindikunamizaninso kuti a Goliati anasintha maganizo pa bilu ija. Nditawafunsa miyezi itapita, anati mpaka pano amakhulupirira kuti mwana wa m'mimba ndi munthu, ndipo mdzukulu wawo amamulira. Anangowonjeza kuti, "Koma asuweni, ine ndinkayesa kuti kukhala ndi mawu ndi kuyamba kulankhula."

Chimene chinatsala kuchipatala kuja chinali chakuti mwanayo sankadziwa chimene anamuchotsa. Ankayesa kuti anangomutsuka m'mimba n'kumusoka. Anamwino anati ndi bwino amve ali pompo, kuti amulangize. Nanzunga ndi alongo awo a a Goliati anakhala panja pa wodi kukambirana kuti amuuze ndani, ndipo monga mwa chizolowezi anatiuza amuna kuti titalikire. Ine ndinadzuka. A Goliati anatsala, koma sanabangule. Anagwada pa simenti patsogolo pa akazi awo ndi alongo awo, anthu odutsa akuyang'ana.

"Ndikupempha," anatero. "Anavomera ndine. Musasenze inu. Mukandilola, ndikamuuze ndine, inu muli pomwepo. Mukakana, ndikhala panja."

Amayi awiriwo anayang'anizana nthawi yaitali. Kenako Nanzunga anadzuka n'kutsogola.

Ine ndinaima pakhomo la wodi, sindinalowe. Chifuniro anali atatsamira pilo, wowonda, milomo yosweka. Ataona bambo ake anagwira dzanja la mayi ake ndi manja onse awiri. A Goliati sanakhale pa mpando. Anakhala pansi m'mbali mwa bedi, mutu wawo uli m'munsi mwa wa mwanayo, n'kuyamba kulankhula motsitsa. Sindinamve zonse. Ndinangoona nkhope ya mtsikanayo ikusintha pang'onopang'ono, maso akukula, dzanja limodzi likutsikira pamimba pamene panali bandeji. Sanalire. Anayang'ana mayi ake, mayi ake anagwedeza mutu kuti n'zoona.

Atamaliza, a Goliati anati, "Ndalankhula zambiri pa moyo wako, mwana wanga. Tsopano nena iwe. Chilichonse, ngakhale kunditukwana. Ndikumva."

Anadikira. Chifuniro anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma n'kukoka bulangete mpaka kumutu. Belu lotulutsa odzaona odwala linalira, anthu anayamba kutuluka, ndipo namwino anabwera kudzawagwira paphewa. A Goliati anapempha kuti awasiye pang'ono, mwina mwanayo anena kanthu.